Red Auerbach, Mkulu Wodziwa Kusankha Anthu

Tsamba lino la mbiri ya anthu otchuka lidazolowera kunyamula anthu oyera, maepiskopi ndi amishoni. Ine ndabwera ndi munthu amene sadali wansembe, sadali Mkatolika n'komwe, ndipo ankafuka utsi wa fodya ngati uvuni wa njerwa. Makolo ndi Abambo athu, chonde musafulumire kutembenuza tsamba. Dzina lake ndi Arnold Jacob Auerbach, koma anthu onse ankangomutchula kuti Red. Adagwira ntchito ku timu ya basiketibolo ya Boston Celtics ku America kuyambira 1950 mpaka imfa yake mu 2006, ndipo m'zaka zimenezo timuyo idatenga chikho cha ligi ya NBA ka 16.

Kwathu ndi ku Kuti, kufupi ndi boma la Salima, kumene mpira timaudziwa umodzi wokha, wamiyendo. Basiketibolo ndidaiyamba nditafika kuno ku seminale, ndipo popeza ndine wamfupi, masana ambiri ndimathera pa benchi. Munthu wa pa benchi amaona zambiri. Ndidaona kuti tikamagawana matimu, kaputeni aliyense amathamangira anyamata ogoletsa kwambiri, koma timu imene yadzaza ogoletsa okhaokha ndiyo imagonja kawirikawiri, chifukwa mpira ndi umodzi ndipo onse akuufuna. Nditawauza zimenezi Abambo amene amatiyang'anira pa zamasewera, adaseka nanditchulira dzina la Auerbach. Tchuthi chonse chapitachi ndidakhalira kuwerenga za iye.

Ndiyambe ndafotokoza mmene matimu a ku America amapezera osewera, apo ayi nkhani yonse isokonekera. Kuno kwathu, timu yaikulu monga Bullets, Wanderers kapena Silver ikakhumbira wosewera, imatenga ndalama n'kukamugula. Mu NBA muli njira zina ziwiri. Yoyamba amaitcha draft. Kamodzi pa chaka matimu onse amakhala pansi n'kumasankha mosinthana anyamata amene akutuluka m'makoleji, ndipo matimu amene adachita moipa chaka chathacho ndiwo amayamba kusankha, kuti ofooka nawo adzuke. Yachiwiri ndi kusinthanitsa: timu ipereka wosewera wake n'kulandira wa timu ina. Chodabwitsa n'chakuti mwayi wosankha mu draft nawo umasinthanitsidwa, ngakhale wa zaka zam'tsogolo. Zili ngati kupereka tonde wonenepa amene aliyense akumuona, n'kulandira kamwana ka mbuzi kamene kakadali m'mimba. Bambo anga adachitapo zofanana ndi zimenezo ndili wamng'ono, pamene adapereka tonde wathu n'kubwera ndi timbuzi tiwiri tatikazi towonda, ndipo mayi adakhala sabata yathunthu osawalankhula bwino.

Red adabadwa pa 20 Sepitembala 1917 ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Bambo ake, a Hyman Auerbach, adali Myuda wochokera ku Minsk, m'dziko limene lero ndi Belarus, ndipo ankadyetsa banja ndi bizinesi yochapa ndi kusita zovala za anthu. Dzina lakuti Red, kutanthauza kufiira, mnyamatayo adalipeza chifukwa cha tsitsi lake, ngakhale mtima wake nawo sunkachedwa kupsa. Sadali wamtali. Adasewerera yunivesite ya George Washington, kumene mphunzitsi wake, Bill Reinhart, adamuphunzitsa kasewero kamene adakhala nako moyo wake wonse: mukangolanda mpira, thamangani nonse kupita ku dengu la adani iwo asanabwerere kukatchinga. Atamaliza maphunziro adaphunzitsa m'masekondale a ku Washington, kenaka adalowa usilikali wa pamadzi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Mu 1946 ligi imene pambuyo pake idasanduka NBA idayamba, ndipo Auerbach adapatsidwa timu ya Washington Capitols. Chaka choyambacho adapambana masewero 49 n'kugonja 11 okha. Mu 1949 adafika mu ndime yomaliza koma adagonja kwa Minneapolis Lakers. Kenaka adapita ku timu ya Tri-Cities Blackhawks, kumene adangokhala chaka chimodzi. Mwini timuyo, Ben Kerner, adasinthanitsa wosewera wina dzina lake John Mahnken mphunzitsi asakufuna, ndipo Red adalongedza katundu wake. Dzina la Kerner mulisunge, libweranso.

Boston imene adaipeza mu 1950 idali yomvetsa chisoni. Idali itapambana masewero 22 n'kugonja 46, ndipo mwini wake, Walter Brown, ndalama zidali kumuthera. Popeza idali kumchira, idali yoyamba kusankha. Mzinda wonse unkadziwa mnyamata amene unkamufuna: Bob Cousy wa ku koleji ya Holy Cross, ya ansembe a Jesuit, ku Worcester pafupi pomwepo. Cousy ankapatsira mpira kudzera kumbuyo kwa msana, ndipo anthu ankadzadza m'bwalo kudzaona zimenezo. Auerbach adaona ngati ndi matama chabe. Adamusiya natenga Chuck Share, chimunthu chachitali. Atolankhani adakwiya, iye adawayankha mwamwano, osasintha maganizo.

Apa adalakwitsa, ndipo chidamupulumutsa ndi chipewa. Cousy adatengedwa ndi Tri-Cities, kenaka adaperekedwa ku Chicago Stags, ndipo timu ya Chicago idatha masewero asanayambe. Osewera ake atatu, Max Zaslofsky, Andy Phillip ndi Cousy, ankalimbiranidwa, motero maina awo adalembedwa pa timapepala n'kuponyedwa m'chipewa kuti achite maere. Walter Brown adapisa dzanja natulutsa dzina la Cousy, limene sankalifuna. Mnyamata wokanidwayo adasewerera Boston zaka 13 natenga nayo zikho 6. Share sadavale n'komwe yunifomu ya Celtics. Adaperekedwa ku Fort Wayne pa msinthano umene udabweretsa Bill Sharman, katswiri woponya mpira patali. Chimene ndimamukondera Auerbach pa nkhaniyi n'chakuti sadakakamire kulakwa kwake. Ataona zimene Cousy ankatha, adamupatsa mpira kuti ayendetse timu.

Mu draft yomweyo ya 1950, pa kusankha kwachiwiri, Boston idatenga Chuck Cooper wa ku yunivesite ya Duquesne ku Pittsburgh, ya ansembe a Mzimu Woyera. Cooper ndiye munthu wakuda woyamba kusankhidwa mu draft ya NBA. Nthawi imeneyo m'madera ambiri a America munthu wakuda sankaloledwa kugona mu hotela imodzi ndi mzungu, kapena kudya naye pa tebulo limodzi.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi timu ya Cousy, Sharman ndi Ed Macauley inkagoletsa zigoli zambirimbiri, koma chaka ndi chaka inkatuluka m'mipikisano ya kumapeto isanafike pa chikho. Auerbach ankadziwa chosowa. Mu basiketibolo mpira ukaponyedwa n'kuphonya dengu, umanjanja n'kubwerera, ndipo amene wauwakha ndiye wapatsa timu yake mwayi. Kasewero kothamanga ka Reinhart sikatheka ngati mulibe munthu wowakha mipira yotere n'kuiponya kutsogolo msanga. Macauley adali wamtali ndi waluso, koma wowonda, ndipo zimphona za matimu ena zinkamukankha.

Mu 1956 munthu wofunikayo adapezeka. Bill Russell, wamtali kupitirira mamita awiri, adali atatenga chikho cha makoleji kawiri motsatizana, mu 1955 ndi 1956, ndi yunivesite ya San Francisco, imenenso ndi ya a Jesuit. Sankadziwa kuponya bwino patali, ndipo ambiri ankakayika ngati angathandize. Koma Reinhart, mphunzitsi wakale uja, adamuona akusewera namuuza Red kuti ameneyo ndiye. Vuto lidali lakuti Boston idali kutali pa mzere wosankha. Woyamba adali Rochester Royals, amene adatenga Sihugo Green. Wachiwiri adali St. Louis Hawks, ndipo mwini wake adali Ben Kerner yemwe uja, timu yake itasamuka n'kusintha dzina. Kerner adatchula mtengo wowawa: ankafuna Macauley, wosewera wokondedwa wa Boston, kuwonjezanso Cliff Hagan, mnyamata waluso amene ankabwera kuchokera ku usilikali. Anthu awiri odziwika, kusinthana ndi mmodzi amene adali asanaponde m'bwalo la NBA. Auerbach adavomera.

Mbali ya Macauley pa nkhaniyi imandikhudza. Kwawo kudali ku St. Louis komweko, ndipo mwana wake wamwamuna adali kudwala kwambiri, kotero kubwerera kwawo kudamuthandiza kukhala pafupi ndi banja. Abambo athu akondwa kumva kuti munthu ameneyu, atasiya mpira ndi ntchito ya pa wailesi yakanema, adadzozedwa kukhala dikoni wa Mpingo wa Katolika mu 1989, ndipo adathandiza kulemba buku la kakonzedwe ka maulaliki. Adamwalira mu 2011.

Mu draft yomweyo ya 1956 Boston idatenganso Tom Heinsohn wa ku Holy Cross ndi K.C. Jones, mnzake wa Russell wa ku San Francisco. Mukawerenga bwino muona kuti Myuda wa ku Brooklyn uja maziko a timu yake adawamanga ndi ana a sukulu za ansembe.

Russell adafika mochedwa, mu Disembala 1956, chifukwa adayamba wapita ku masewero a Olympics ku Melbourne kumene America idatenga mendulo ya golide. Pofika Epulo 1957 Boston idali ndi chikho chake choyamba, ndipo idachilanda kwa St. Louis yomweyo, pa sewero lachisanu ndi chiwiri limene adawonjezera nthawi kawiri n'kutha 125 kwa 123. Chaka chotsatira matimu awiriwa adakumananso, Russell adavulala pa kakolo, ndipo St. Louis idapambana, Macauley ndi Hagan ali momwemo. Kerner sadapusitsidwe ayi, chikho chimodzi adachilawa. Koma kuyambira 1959 mpaka 1966 Boston idatenga chikho zaka zisanu ndi zitatu zotsatizana, chinthu chimene palibe timu ina ya NBA idachichitapo. Hawks, imene idasamukira ku Atlanta mu 1968, sidatengenso china chichokere 1958.

Timu yopambana imasankha kumapeto chaka chilichonse, ena atatola kale zonona. Apa ndiye pamene diso la Auerbach lidaoneka. Mu 1957 adatenga Sam Jones wa ku koleji yaing'ono ya anthu akuda ku North Carolina, asanamuonepo akusewera, pokhulupirira mawu a Bones McKinney amene adali wosewera wake wakale. Mu 1962 adatenga John Havlicek wa ku Ohio State, amene ku koleji adaphimbika ndi mnzake wotchuka Jerry Lucas. Sankafunsa kuti mnyamatayu amagoletsa zingati. Ankafunsa kuti timu ikusowa chiyani, ndipo kodi ameneyu avomera kugwira ntchito imene anthu saiombera m'manja. Adali ndi chizolowezi chosunga mmodzi mwa akatswiri ake pa benchi poyamba sewero, kuti alowe pamene adani ayamba kutopa. Frank Ramsey ndiye adayamba ntchito imeneyi, Havlicek n'kuilandira. Ife a pa benchi timaikonda mbiri imeneyi, ngakhale ndivomere kuti ine sindikhala pa benchi pa chifukwa chimenecho.

Pa 26 Disembala 1964, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi Malawi atalandira ufulu wodzilamulira, Heinsohn adali wovulala, ndipo Auerbach adayambitsa sewero ndi Russell, Sam Jones, K.C. Jones, Tom Sanders ndi Willie Naulls. Kadali koyamba mu NBA kuti onse asanu oyamba akhale anthu akuda. Mu 1966, ali ndi zaka 48 zokha, adatula pansi uphunzitsi atatenga zikho 9, nasankha Russell kulowa m'malo mwake. Russell adakhala mphunzitsi wakuda woyamba mu ligiyo, akusewera yekha ndi kuphunzitsa nthawi imodzi, ndipo adatenga zikho zina ziwiri mu 1968 ndi 1969. Pa zaka zake 13 adatenga zikho 11. Izi sizikutanthauza kuti mzinda wa Boston udamukonda monga timu yake idamukondera. Anthu atsankho adathyola nyumba yake ku Reading n'kuiwononga, ndipo bala limenelo adakhala nalo zaka zambiri.

Sindikufuna kumuyeretsa Red ngati woyera. Ankalalatira oimbira masewero, adalipitsidwa ndi kutulutsidwa m'bwalo kambirimbiri, ndipo mu 1957 adamenya Kerner chibakera pakamwa sewero lisanayambe pokangana za kutalika kwa dengu. Akaona kuti sewero lapambanidwa, ankayatsa chindudu chake chachikulu ali pa benchi nthawi isanathe, adani akuona. Anthu a ku Boston ankasangalala nazo. Kwa ine ndi chipongwe, ndipo kuno wochita zotere angakagwire khasu ku dimba sabata yathunthu. Banja lake, mkazi wake Dorothy ndi ana awo aakazi awiri, linkakhala ku Washington, iye n'kumakhala yekha mu hotela ku Boston nyengo yonse ya masewero. Zikho zija banja lidazilipira.

Atasiya kuphunzitsa adakhala mkulu woyendetsa timu, ntchito yake n'kukhala kusankha ndi kusinthanitsa basi. Russell atapuma timu idagwa, koma Jo Jo White wa mu 1969 ndi Dave Cowens wa mu 1970 adaidzutsa, ndipo idatenga zikho mu 1974 ndi 1976, Heinsohn ali mphunzitsi. Kenaka Red adapunthwa. Paul Silas, munthu wogwira ntchito yolemetsa pansi pa dengu, adapempha malipiro okwera, ndipo adaperekedwa ku Denver. M'malo mwake mudabwera maina otchuka, Sidney Wicks ndi Curtis Rowe, amene sadagwirizane ndi mzimu wa timuyo. Red adaswa lamulo lake lomwe. Mu 1978 Boston idapambana masewero 32 okha, mu 1979 idapambana 29.

M'kati mwa mavuto amenewa ndimo adachita chinthu chimene anthu amachikamba mpaka lero. Mu draft ya 1978 Boston idali yachisanu ndi chimodzi kusankha, ndipo idatenga Larry Bird wa ku Indiana State. Bird adachokera m'kamudzi kotchedwa French Lick, m'banja losauka. Adayamba wapita ku yunivesite yaikulu ya Indiana, koma adathawako pasanathe mwezi, nabwerera kumudzi kukagwira ntchito ya khonsolo, kuphatikizapo kutola zinyalala pa galimoto. Chifukwa cha chaka chotayikacho, malamulo ankalola kumusankha mu 1978 ngakhale adali atatsala ndi chaka china ku koleji, ndipo iye adali atanena kuti akamaliza kaye sukulu. Matimu asanu oyamba ankafuna munthu wobwera lero lomwe. Auerbach, timu yake ikumira, otsatira akulira, adasankha kudikira chaka chathunthu wopanda chitsimikizo chakuti Bird adzasaina. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bird adasaina mu Juni 1979, ndipo timu imene idapambana masewero 29 idapambana 61.

Nkhani ya 1980 ndi yokhotakhota, koma ndiyesa. Mwini timu watsopano, John Y. Brown, adali atapereka mwayi utatu wosankha mu draft ku New York kuti atenge Bob McAdoo, wogoletsa wotchuka, Red asakufuna. McAdoo sadakhalitse. Brown atagulitsa gawo lake, Red adatumiza McAdoo ku Detroit pa mgwirizano umene udabweretsa M.L. Carr pamodzi ndi mwayi uwiri wa Detroit wosankha mu 1980. Detroit idachita moipa zedi, idapambana masewero 16 okha, motero Boston, timu yamphamvu kale, idapezeka kuti ndiyo yoyamba kusankha m'dziko lonse. Wina aliyense akadangotenga mnyamata amene onse ankamutama, Joe Barry Carroll. Red adapereka mwayi woyambawo, pamodzi ndi wa nambala 13, ku Golden State, nalandira Robert Parish, chimphona chimene anthu ankachiyesa chaulesi, ndi mwayi wa nambala 3, umene adatengera Kevin McHale wa ku Minnesota. Bird, Parish ndi McHale adatenga zikho mu 1981, 1984 ndi 1986. Carroll sadali wosewera woipa, koma moyo wake wonse anthu ankamuyeza ndi awiri aja, ndipo ine ndimamumvera chisoni.

Tsono ndifike pamene ndidaleka kuwerenga kwa masiku awiri.

Mu ndime yomaliza ya 1984, Boston ili pafupi kugonja sewero lachiwiri motsatizana pakhomo pake kwa Los Angeles Lakers, Gerald Henderson adalanda mpira umene James Worthy ankapatsira mnzake, nagoletsa, napulumutsa timu. Mu Okutobala chaka chomwecho Red adamupereka ku Seattle, posinthana ndi mwayi wosankha wa 1986. Apa ndiye pamene fanizo la mbuzi lija limandiwawa, chifukwa Henderson ndi munthu, ndipo zikomo wake adali kulongedza. Koma mwa masamu Red adalondola. Ankadziwa kuti Bird ndi anzake adzakalamba, ndipo ankaganiza kuti Seattle igwa. Idagwadi. Mu Juni 1986 Boston idali itangotenga chikho chake cha 16 ndi timu imene ambiri amati ndi imodzi mwa zabwino koposa m'mbiri yonse, ndipo maere adali ataipatsa kale mwayi wokhala yachiwiri kusankha.

Red ankadziwa kale amene ankamufuna. Len Bias ankasewerera yunivesite ya Maryland, pafupi ndi Washington kumene Red ankakhala. Adamuona akusewera kambirimbiri, ndipo mnyamatayo adagwirapo ntchito pa msasa wake wophunzitsa ana mpira pa tchuthi. Uyu sadali Sam Jones wosankhidwa mwa mphekesera. Palibe mnyamata amene Red adamufufuza kwa nthawi yaitali chotere. Pa 17 Juni 1986 Bias adasankhidwa, navala chipewa chobiriwira cha Celtics akumwetulira. Adapita ku Boston ndi bambo ake, nabwerera ku Maryland kukasangalala ndi anzake m'chipinda chogona cha pa sukulu. M'mamawa wa pa 19 Juni adamwalira, mtima utaima chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo otchedwa cocaine. Adali ndi zaka 22. Sadasewereko Boston ngakhale mphindi imodzi.

Ndidaganiza za ife. Tonse kuno tidasankhidwa. Abambo Mfumu a ku parishi adalemba kalata, tidalemba mayeso, makolo adafunsidwa, ndipo ena anzathu anzeru kuposa ife adatsala. Amene adatisankha adaona malikisi, adaona mmene timatumikira pa guwa, adamva zimene akuluakulu a mphakati adanena. Chimene timachita usiku umodzi pa tchuthi, ku Senga Bay kapena pa msika wa Kamuzu Road, palibe adachiona ndipo palibe angachione. M'kalasi mwathu muli kale madesiki opanda eni. Sindikuti onse adachoka pa zoipa, ena adangoona kuti njira yawo ndi ina. Koma ndikamaona Abambo Rekitala akuwerenga maina pa tsiku lotsegulira, ndimaganiza za nkhalamba ya zaka 68 imene idadikira mnyamata mmodzi zaka ziwiri n'kukhala naye masiku awiri.

Mu 1987 Boston idatenga Reggie Lewis wa ku yunivesite ya Northeastern, pa nambala 22, kusankha kwina kwanzeru. Lewis adakula mpaka kukhala kaputeni Bird atapuma mu 1992. Pa 27 Julayi 1993 adagwa akuchita zokonzekera ku yunivesite ya Brandeis, namwalira ndi nthenda ya mtima ali ndi zaka 27. McHale adapuma chaka chomwecho, Parish adachoka mu 1994. Anyamata awiri amene akadalandira timu onse adali m'manda. Mu 1997 Boston idapambana masewero 15 n'kugonja 67, ndipo ngakhale idali ndi mwayi waukulu pa maere, Tim Duncan adapita ku San Antonio, kumene adakatenga zikho zisanu. Chipewa chimene chidapatsa Red Cousy mu 1950 ulendo uno chidamumana.

Zaka zake zomaliza zidali zachete. Mu 1997 udindo wa pulezidenti wa timu udaperekedwa kwa mphunzitsi watsopano, Rick Pitino, ndipo udabwezedwa kwa Red mu 2001 Pitino atalephera. Dorothy adamwalira mu 2000. Red adapitiriza kupita ku masewero akuyenda ndi ndodo, mpaka pa 28 Okutobala 2006 pamene adamwalira ndi nthenda ya mtima ku Washington, ali ndi zaka 89. Chikho cha 17 sadachione. Mumzinda wa Boston muli chifanizo chake cha mkuwa chimene adachiika mu 1985 iye akadali moyo, atakhala pa benchi, ndudu ili m'manja.

Chikhocho chidabwera mu 2008, patapita zaka 22, ndipo adachikonza ndi Danny Ainge. Ainge ameneyu Red adamusankha mu 1981 pamene mnyamatayo ankasewera baseball ku Toronto, matimu ena akuopa kutaya mwayi wawo pa munthu wa masewera ena. Atakhala mkulu woyendetsa timu, mu 2007 Ainge adatenga Ray Allen ku Seattle, natenganso Kevin Garnett ku Minnesota posinthana ndi osewera asanu ndi mwayi uwiri wosankha. Amene adasaina mbali ya Minnesota adali Kevin McHale.

Mu 2013 Garnett ndi Paul Pierce atakalamba, Ainge adawapereka ku Brooklyn, kwawo kwa Red, posinthana ndi mwayi wosankha wa zaka zam'tsogolo. Otsatira timu ambiri adadandaula, popeza Pierce adali atasewerera Boston zaka 15. Brooklyn idagwa. Mu 2016 Boston idatenga Jaylen Brown pa nambala 3. Mu 2017 idapezeka yoyamba kusankha, ndipo Ainge adapereka mwayiwo ku Philadelphia n'kutsikira pa nambala 3, monga mu 1980, natenga Jayson Tatum. Awiriwa adagonjetsa Dallas mu Juni 2024 n'kutenga chikho cha 18. Tsiku limene Pierce ankalongedza katundu wake kupita ku Brooklyn, Tatum adali ndi zaka 15, ndipo Brown adali ndi 16 monga ine, ali ku sekondale ku Georgia.